Sitoko ya zakudya zosachedwa kuola imawerengedwa m'masiku

Munthu amene wazolowera kusunga shuga, sopo kapena simenti, tsiku limene wapatsidwa makiyi a nyumba yosungiramo tomato, mkaka ndi nkhuku, amayamba ndi kuwerenga makreti. Madzulo alemba kuti muli makreti 200, m'mawa awerenganso n'kupeza 200 omwewo, mtima wake n'kukhala m'malo. Koma katunduyo sali monga anamusiyira. Shuga wa dzulo ndi wa lero ndi mmodzi. Tomato wa dzulo ndi wa lero ndi wosiyana, chifukwa usiku wamudyera tsiku limodzi pa masiku ochepa amene anabwera nawo. Ngati m'chipindamo munatentha, wamudyera awiri kapena atatu, ndipo m'buku la sitoko simuoneka kanthu.

Chuma chenicheni cha wosunga zakudya zotere ndi masiku amene katundu watsala nawo wogula asanamukane. Kulandira, kusanja, kuitanitsa, kutulutsa, ngakhale kugula dizilo wa jenereta, zonsezi ndi njira zotetezera masiku amenewo kapena zowagwiritsa ntchito asanathe. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, linanena mu 2019 kuti pafupifupi magawo 14 pa 100 alionse a chakudya cha padziko lonse amatayika pakati pa munda ndi sitolo, chisanafike n'komwe pa shelefu, ndipo zipatso ndi ndiwo zamasamba zimatayika koposa pamenepo. Aliyense amene anadutsapo pa Lizulu kapena pa Jenda nyengo imene tomato wachuluka, n'kuona mulu wofiira wotayidwa kuseri kwa msika, chiwerengerochi sichimudabwitsa.

Zamoyo ndi zakufa

Zakudya zosachedwa kuonongeka zili m'magulu awiri, ndipo adani ake ndi osiyana. Tomato, nthochi, kabichi, mango ndi mbatatesi zimakhala zikadali zamoyo ngakhale zitathyoledwa. Zimapuma: zimakoka mpweya, zimatentha shuga amene zinasunga, zimatulutsa madzi ndi kutentha. Popeza zachoka pa mtengo, palibe chobwezera zimene zikutayazo, choncho zimadzidya zokha mpaka kufota. Pisani dzanja pakati pa thumba la mpiru kapena nkhwani limene lagona lomanga, mudzamva kufunda. Si dzuwa limenelo, ndi masamba omwewo akupuma. Kupumaku kumathamanga kawiri kapena katatu kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Ndiye kuti kabichi amene wakhala pa lole padzuwa masana onse wataya masiku amene akanakhala nawo m'chipinda chozizira, ndipo kumuziziritsa pambuyo pake sikubweza masikuwo. Kumangochedwetsa kutha kwa otsalawo.

Nyama, nsomba ndi mkaka sizipuma, koma ndi chakudya cha mabakiteriya. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 tizilomboti timaswana, ndipo pamene zinthu zatikomera ena amawirikiza pa mphindi 20 zilizonse. Werengani: kachilombo kamodzi kokha pakatha maola 7 kasanduka toposa 2 miliyoni. N'chifukwa chake mkaka, umene umatuluka m'bere la ng'ombe uli ndi madigiri pafupifupi 37, umayenera kutsitsidwa kufika pa 4 m'maola awiri kapena atatu, ndipo alimi a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu amathamanga ndi zigubu pa njinga m'mamawa kupita ku thanki ya gulu lawo. Chambo chimene chavuulidwa ku Mangochi n'kusiyidwa pamtetete sichitha tsiku chisanayambe kununkha. Chomwecho chikakwiriridwa mu ayisi wophwanya kuyambira pa gombe, ayisi wolemera mofanana ndi nsombazo, chimatha kupitirira sabata chikadali chabwino.

Wina akamva izi amaganiza kuti yankho ndi limodzi: zonse zilowe m'chipinda chozizira kwambiri. Ambiri ataya ndalama ndi ganizo limeneli. Zomera za m'madera otentha zimaonongeka ndi chisanu. Nthochi ikakhala pansi pa madigiri 13 khungu lake limada ngati phulusa ndipo sipsanso bwino. Tomato wosapsa amafuna madigiri 12 kapena 13, ndipo akazizidwa mopitirira amafewa ngati wamwa madzi, kukoma n'kuthawa, kenako amachita mawanga akangotulutsidwa. Mango, mbatata ya kholowa, nkhaka, mabiringano ndi therere lobala nazonso sizifuna kuzizira kwa nyama. Choipa cha vutoli n'chakuti silionekera m'chipindamo. Katundu amatuluka akuoneka bwino, n'kukaonongekera pa shelefu ya wogula, ndipo mkangano umabuka pakati pa anthu awiri amene aliyense akunena zoona.

Mbatatesi, monga za ku Tsangano ndi ku Dedza, zili ndi khalidwe lakelake. Zikazizidwa kwambiri zimayamba kutsekemera, chifukwa ufa wake umasanduka shuga, ndipo wokazinga chipisi amadandaula kuti zikuda m'mafuta zisanapse. Za chipisi zimasungidwa pa madigiri 7 mpaka 10, mumdima, chifukwa kuwala kumazibiriwiritsa khungu ndipo mbali yobiriwirayo imakhala ndi poizoni wotchedwa solanine. Anyezi amafuna kuyamba waumitsidwa bwino khosi, kenako mpweya wouma wodutsa momasuka. Kabichi, karoti ndi masamba zimafuna zosemphana ndi zimenezo: kuzizira kwa pafupi ndi ziro ndi chinyezi chochuluka, apo ayi zimafota ndi kupepuka. Kupepukako ndi ndalama, pakuti munagula pa sikelo ndipo mudzagulitsa pa sikelo.

Palinso mdani wosaoneka. Agogo athu povundika nthochi m'nkhuti kapena m'thumba ankagwiritsa ntchito mpweya umene asayansi amautcha ethylene. Chipatso chikamapsa chimautulutsa, ndipo mpweyawo umauza zinzake kuti nazonso zipse. Nthochi, mapeyala, maapulo, mango ndi tomato wakupsa zimautulutsa wambiri. Kwa wovundika ndi mdalitso. Kwa wosunga ndi tsoka, chifukwa kabichi woyandikana ndi nthochi zakupsa amachita chikasu, karoti amawawa, nkhaka imasuluka mtundu. Kreti limodzi la tomato wopsetsa likhoza kufulumizitsa chipinda chonse. Mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, m'nyumba yosungiramo zakudya ndi lamulo la ntchito: chilichonse chovulala, chophwanyika kapena chopsetsa chichotsedwe tsiku lomwelo. Fungo nalo limasamuka. Mazira, batala ndi mkaka zimakoka fungo la anyezi ndi nsomba. Ndipo nyama yaiwisi isakhale pamwamba pa chakudya chodyedwa chosaphika, popeza madzi ake amadontha.

Ndiye nyumba yochita bwino imakhala ndi malo osachepera anayi: firiza ya madigiri 18 pansi pa ziro, chipinda cha ziro mpaka 4 cha nyama, nsomba ndi za mkaka, chipinda chozizira pang'ono cha zipatso za kotentha, ndi malo ouma opita mphepo a anyezi. Amene ali ndi chipinda chimodzi chokha asankhe katundu amene chipindacho chikumuyenera, winayo azingodutsa, kulowa m'mawa n'kutuluka tsiku lomwelo.

Ola la pakhomo

Ndikafunsidwa kuti ndi malo ati amene ndingaikepo munthu wanga wodalirika kwambiri, ndimayankha kuti pakhomo lolandirira katundu. Zolakwika zambiri zimene zimadzaonekera m'chipinda chozizira zimakhala zinalowera pamenepa, pa ola limene lole yafika, dalaivala akufulumira, onyamula akudikira, ndipo kalaliki akungofuna kusaina.

Kulandira koyenera kumayamba chitseko cha lole chisanatsegulidwe: malo oikapo katundu akhale okonzeka, chifukwa mphindi iliyonse imene nkhuku zakhala pabwalo ikuchotsedwa pa moyo wake. Kenako thermometer. Chiwerengero cha pa makina a galimoto chimanena za mpweya wa m'galimotomo, osati za katundu. Dalaivala akhoza kuzimitsa makina ulendo wonse kuti apulumutse mafuta n'kuwayatsa atatsala pang'ono kufika, mpweya n'kuzizira, nyama ili yofunda. Choncho thermometer yokhala ndi chisongole ilowetsedwe pakati pa mapaketi, kuchokera m'makatoni a kutsogolo, a pakati ndi a kumbuyo. Katundu wa mufiriza amene anasungunuka n'kuumanso amadziulula: mumakhala zibuma za ayisi m'paketi, katoni imakhala yofewa kapena yothimbirira ndi madzi a magazi, zidutswa zimamatirirana. Nsomba yatsopano ili ndi maso owala otukuka, makha ofiira, ndipo mnofu wake ukaudinikiza umabwerera. Ku matanki a mkaka amayesa ndi lactometer kuti aone ngati mwathiridwa madzi, ndiponso amasakaniza mkaka pang'ono ndi spiriti yoyesera: ukachita mabumamabuma, wayamba kusasa ndipo sulowa m'thanki, chifukwa chigubu chimodzi chikhoza kuononga mkaka wa mudzi wonse.

Funso lina limene ambiri amaiwala ndi lakuti katunduyu wafika ndi masiku angati. Paketi ikhoza kukhala yozizira bwino, yosindikizidwa bwino, koma yatsala ndi masiku anayi. Mukailandira mwagula vuto la mnzanu. Mgwirizano ndi wobweretsa katundu uzinena poyera masiku ochepetsetsa amene mungalandire.

Zonsezi n'zopanda pake ngati kalaliki alibe mphamvu yokana. Ndi ntchito yovuta kwa mnyamata wa zaka 23 kuuza dalaivala wa msinkhu wa bambo ake kuti, "Pepani achikulire, katunduyu sinditsitsa, thermometer ikunena 11." Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma manyaziwo amatha pokhapokha ngati bwana analemba malire pa khoma, ndipo tsiku limene kalaliki wabweza lole bwanayo amaima naye, osati kumukalipira kuti wakhumudwitsa kasitomala wakale.

Choyamba kulowa kapena choyamba kutha?

Lamulo limene aliyense amaphunzira ndi FIFO: choyamba kulowa chikhale choyamba kutuluka. Pa sopo limakwanira. Pa zakudya limanama nthawi zina. Tiyerekeze kuti Lolemba mwalandira yogati wochokera kufakitale mwachindunji, watsala ndi masiku 18. Lachitatu mwalandira wina wodzera kwa wogulitsa wapakati amene anamusunga kaye, watsala ndi masiku 11. Mukatsata tsiku lolowa mutulutsa wa Lolemba, wa Lachitatu n'kumakalamba kumbuyo. Lamulo loyenera ndi FEFO: chimene chili pafupi kutha ndicho chiyambe kutuluka, kaya chinalowa liti.

Ngakhale tsiku lolembedwa pa paketi si mawu omaliza. Ndi lonjezo lokhala ndi "ngati": chakudyachi chikhala chabwino kufika tsiku lakuti ngati chasungidwa pa kuzizira kwakuti. Paleti (thabwa losanjapo makatoni) imene inakhala maola atatu pabwalo yafupikitsa moyo wake ngakhale inki ya pa paketi sinasinthe, ndipo wosunga wanzeru amaikokera kutsogolo kwa mzere. Tomato ndi nthochi zilibe deti n'komwe. Kalendala yake ndi mtundu wa khungu, ndipo munthu ayenera kuyenda m'mizere m'mawa uliwonse kusankhula zimene zipite lero. Dziwaninso kuti mawu a pa mapaketi si amodzi. "Best before" amanena za kukoma ndi maonekedwe, pamene "use by" amanena za chitetezo cha wodya, ndipo tsiku limeneli likadutsa palibenso zokambirana.

FEFO imalephera kawirikawiri osati chifukwa anthu sakuidziwa, koma chifukwa cha kasanjidwe. Munthu amene walowa mufiriza ya madigiri 18 pansi pa ziro amatenga katoni imene ili pafupi ndi chitseko. Inunso mungatero. Ndiye konzani chipinda kuti choyenera kutuluka chikhale chapafupi: katundu watsopano apite kumbuyo kapena alowere mbali ina, deti ilembedwe ndi zilembo zazikulu kumbali yoyang'ana kanjira, paleti imodzi ikhale ndi deti imodzi. Ena amamata mapepala a mitundu, tsiku lililonse la sabata mtundu wake, kuti ngakhale waganyu amene wabwera lero adziwe kuti lero tikutulutsa zachikasu. Kompyuta imathandiza, koma barcode wamba ya pa paketi imangonena kuti ichi n'chiyani, sinena deti kapena gulu limene chinapangidwira. Ngati pakhomo palibe amene analowetsa zimenezo, kompyutayo ikuwerenga makatoni ngati munthu uja wa shuga.

Kuitanitsa ndi kumene masiku amasanduka masamu. Tipitirize ndi yogati, manambalawa akhale ongoyerekezera. Amatuluka m'fakitale ndi masiku 21, amafika kwa inu atatha atatu, ndipo masitolo amene mumawagulitsa salandira wotsala ndi masiku ochepera 10. Ndiye kuti masiku anu si 21, ndi 8 okha. Ngati mumatulutsa makreti 40 pa tsiku, simuyenera kukhala ndi makreti oposa 320 nthawi imodzi, ngakhale chipinda chitakhala ndi malo a 1,000. Ngati fakitale imatenga masiku awiri kuti ibweretse, muitanitse sitoko ikatsika kufika pa 80 a masiku awiriwo kuphatikizapo ena, tinene 40, odzitetezera lole ikachedwa. Tsiku lina wogulitsa adzabwera ndi nkhani yokoma: tengani 500 pa mtengo wotsika. Musanayang'ane mtengowo, chotsani 320 pa 500. Makreti 180 amenewo alibe tsiku lotulukira.

Pa katundu wa tsiku limodzi kapena awiri masamu ake ndi owawa kuposa apa. Tinene kuti kreti la tomato mwagula K20,000 ndipo mugulitsa K26,000. Likagulidwa mwapindula K6,000. Likaola mwataya K20,000, phindu la makreti atatu ndi kachidutswa. Choncho kreti loonjezera ndi loyenera kuligula pokhapokha ngati pa masiku 10 ofanana ndi lero, pafupifupi 8 likanagulidwa. Pamene phindu ndi lalikulu, kapena chotsala chili ndi kopita monga kophikira sosi, malirewo amatsika ndipo mukhoza kulimba mtima.

Koma pali msampha mbali inayo. Zoola zimaoneka, zimanunkha, bwana amazijambula pa foni. Kasitomala amene anabwera n'kupeza mulibe katundu sasiya fungo lililonse, amangopita kwina, mwina osabweranso. Woyang'anira amene amakalipiridwa pa zotayidwa zokha amaphunzira kuitanitsa zochepa, buku la zotayidwa n'kumaoneka loyera pamene malonda akuchepa. Ine ndimakhulupirira kuti mabuku akhale awiri, la zotayidwa ndi la maoda amene sanakwaniritsidwe, ndipo aziwerengedwa pamodzi. Kuyerekezera malonda nako kumafuna munthu wodziwa kalendala ya kwawo: kumapeto kwa mwezi anthu akalandira, sabata imene sukulu zogonera zikutsegulidwa, Khrisimasi, mwezi wa Ramadan, miyezi ya maukwati, kutentha kwa Okutobala pamene zakumwa za mkaka zimathamanga, ndi dzinja pamene tomato amasowa, misewu ya kumunda n'kuterera, lole ya masiku awiri n'kutenga anayi.

Magetsi akazima

Mabuku ambiri a ntchitoyi analembedwa kumene magetsi sazima. Kuno nkhani ndi ina. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panatha chaka ndi miyezi makinawo asanabwerere onse. Amene anali ndi zipinda zozizira nthawi imeneyo anaphunzira kuti jenereta ndi dizilo wake ndi mbali ya sitoko, ziyenera kuwerengedwa ndi kuyesedwa monga katundu wina aliyense. Jenereta imene siinalizidwe kwa mwezi imakana kulira usiku umene ikufunika.

Magetsi akazima, chinthu choyamba ndi kutseka chitseko n'kuchisiya chotseka. Chipinda chodzaza ndi katundu wozizira kale chimasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa chopanda kanthu, pakuti katunduyo ali ngati chibuma chachikulu cha ayisi. Kutsegula kamodzi kumakhuthulira mpweya wozizira pansi n'kulowetsa wotentha wachinyezi, umene umakaundana pa makina n'kuwafooketsa. Makatani a pulasitiki a pakhomo ndi otsika mtengo poyerekeza ndi zimene amapulumutsa, koma ndaonapo malo amene onyamula anawamangirira m'mwamba chifukwa ankawakwapula kumaso, ndipo palibe amene anawafotokozera ntchito yake.

Ngakhale magetsi alipo, chipinda chimodzi chimakhala ndi nyengo zingapo. Pafupi ndi fani masamba akhoza kuuma ndi chisanu, pamene pakona yakutali nyama ikufunda. Mpweya wozizira umagwira ntchito pokhapokha ukuyenda, choncho katundu akhale pa mapaleti osati pansi, asagunde khoma, asafike kudenga, ndipo pakati pa mizere pakhale mpata. Chipinda chosungira sichinapangidwe kuti chiziziziritsa katundu wotentha. Mukalowetsa matani a kabichi wochokera padzuwa, makina amalimbana naye usiku wonse ndipo katundu amene anali kale m'katimo amafunda.

Buku la kutentha lolembedwa ndi dzanja kawiri pa tsiku lili ndi vuto lodziwika: manambala ake amakhala okongola mopitirira, 3, 3, 3, sabata yonse, chifukwa analembedwa onse Lachisanu. Ndipo ngakhale lolembedwa moona silinena zimene zinachitika 2 koloko usiku. Tizipangizo tolemba kutentha tokha mphindi zingapo zilizonse, tina totumiza uthenga pa foni malire akadutsidwa, tikupezeka masiku ano ndipo mtengo wake sufika pa paleti imodzi ya nkhuku. Phindu lake lalikulu limaoneka m'mawa magetsi atabwerera, pamene muyenera kugamula. Popanda cholembedwa mumangoganizira, ndipo munthu woganizira ndalama zake amaganizira modzikomera. Ndi cholembedwa mumadziwa kuti nyama inadutsa madigiri 5 kwa mphindi 40 kapena kwa maola 6, ndipo milandu iwiriyi chigamulo chake n'chosiyana. Kuumitsanso mufiriza nyama imene inafunda sikupha tizilombo timene taswana, kumangotigoneka, tidzadzuka m'khitchini mwa wogula.

Polony wa ku Polokwane

Kuzizira si mankhwala a zonse, ndipo chimene chinachitika ku South Africa chinaphunzitsa dera lathu lonse zimenezi. Kuyambira mu 2017 zipatala za kumeneko zinayamba kulandira anthu ambiri odwala listeriosis. Kachilombo kake, Listeria monocytogenes, kamatha kuswana ngakhale mufiriji, pang'onopang'ono, ndipo kamabisala m'ngalande za pansi, m'ming'alu ndi m'makina odulira nyama. Munthu akhoza kudwala patatha milungu ingapo atadya, nthawi zina miyezi iwiri, ndiye kumufunsa chimene anadya kumathandiza pang'ono. Mpata unapezeka mu Januwale 2018 pamene ana a pa sukulu ya mkaka ina ku Soweto anadwala pamodzi, ofufuza n'kupeza kachilomboko mu polony amene anawo anadya. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi inalengeza kuti gwero lake ndi fakitale ya Enterprise Foods ya kampani ya Tiger Brands ku Polokwane. Anthu oposa 1,000 anapezeka ndi matendawa ndipo oposa 200 anamwalira, pakati pawo panali makanda ambiri. Mayiko oyandikana nawo, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, analetsa nyama zotere zochokera kumeneko ndipo masitolo anazichotsa pa mashelefu.

Taganizirani woyang'anira sitoko ku Blantyre kapena ku Lusaka m'mawa wotsatira. Mafunso ake anali atatu: kodi katunduyu ndili naye, ali pati, ndipo amene ndinatulutsa kale anapita kwa yani? Amene ankalemba batch number (nambala ya gulu limene katundu anapangidwira) polandira ndi potulutsa akanayankha ndi buku limodzi ndi foni. Amene sankalemba akanayenera kugwetsa chipinda chonse, ndipo za katundu wotuluka kale sakanadziwa poyambira. Lamulo lake ndi losavuta kunena: pa katundu aliyense dziwani amene anakupatsani ndi amene munamupatsa, phazi limodzi kumbuyo, phazi limodzi kutsogolo. Limavuta pamene paleti yaphwasulidwa, makatoni a magulu awiri n'kusakanikirana, kapena nyama yadulidwa n'kupakidwanso m'mapaketi anu opanda nambala yoyamba ija. Njira yabwino yodziyesera ndi kusankha batch imodzi mwadzidzidzi, kamodzi kapena kawiri pa chaka, n'kuona kuti patenga maola angati kuti mupeze katoni iliyonse. Ndondomeko yotetezera chakudya ya HACCP, imene inayambira ku America m'zaka za m'ma 1960 pamene kampani ya Pillsbury inkakonzera NASA chakudya cha opita mumlengalenga, maziko ake ndi omwewa: pezani malo amene chakudya chingaipire, ikani malire, yesani, lembani, ndipo gwirizanani pasadakhale chochita malirewo akadutsidwa.

Nkhani ya Listeria imatikumbutsanso kuti chipinda chozizira chimafuna kutsukidwa, mpaka m'ngalande ndi m'thireyi yolandira madzi a pa makina, ndipo izi zimatheka pokhapokha ngati sitoko imatsitsidwa mwadala nthawi ndi nthawi kuti pansi paoneke.

Kuwerenga sitoko kamodzi pa mwezi n'kochedwa pa katundu amene moyo wake ndi sabata. Za mkaka, nsomba ndi masamba ziwerengedwe tsiku ndi tsiku, za mufiriza sabata ndi sabata, ndipo pepala lowerengera likhale ndi danga la masiku otsala. M'mawa uliwonse woyang'anira akhale ndi mndandanda waufupi wa katundu amene walowa m'masiku ake omaliza, chifukwa mtengo wotsitsidwa lero umabweza zambiri kuposa wotsitsidwa mawa. Tomato wofewa ali ndi msika kwa ophika m'malesitilanti, nthochi zopsetsa kwa opanga zitumbuwa ndi makeke, masamba ofota kwa oweta nkhumba. Chimene chikadali chabwino koma sichigulikanso chingapite ku malo osamalira ana amasiye tsiku lake lisanakwane, osati litadutsa.

Chotayidwa chilichonse chilembedwe ndi chifukwa chake: chinafika choipa, chinaphwanyika ponyamula, chinafunda, kapena chinaitanitsidwa chambiri. Mawu akuti "zaola" okha saphunzitsa kanthu, ndipo ndi khomo limene katundu wabwino amatulukira usiku. Pakatha miyezi iwiri zifukwazo zimaloza malo amodzi kapena awiri, kawirikawiri wobweretsa mmodzi, kona imodzi ya chipinda, kapena oda ya tsiku limodzi la sabata.

Katundu amene wagamulidwa kuti ndi woopsa asiyanitsidwe ndi winayo nthawi yomweyo, m'malo okhoma olembedwa bwino, ndipo aonongedwe pamaso pa anthu awiri osaina. Mapaketi ang'ambidwe, nyama ithiridwe chinthu choti isadyekenso kapena ikwiriridwe mozama. Katoni ya soseji yotha ntchito ikangoponyedwa yathunthu m'bini, madzulo omwewo imapezeka pa chiwaya m'mbali mwa msewu, ndipo amene agule ndi mwana wa sukulu wokhala ndi K500 m'thumba. Chimodzimodzinso kufufuta deti n'kudinda ina, kapena kutsuka nkhuku yoterera n'kuipakanso. A Malawi Bureau of Standards ndi oyendera zaumoyo a makhonsolo amalanda katundu wotere akamupeza, koma safika tsiku lililonse, ndipo pa maola ambiri a sabata amene akuona katoniyo ndi wosunga makiyi yekha.